Lachinayi pa Lizulu

Thayala la lole likaphulika pa Lizulu
anthu amangocheuka, n'kupitiriza kutsatsa kabichi.
Ine ndimapezeka pansi pa benchi,
tsaya m'fumbi, sipanala nditaigwira ngati mfuti,
ana a sukulu akuseka:
"Adala okonza njinga agwanso!"

Zaka makumi atatu zapitirira
chichokereni pa njanji ya ku Nacala,
koma njanjiyo sinachoke mwa ine.
Usiku sitima imadutsa pachifuwa panga
itanyamula Bizweki, mnyamata wa ku Tsangano,
amene anaponda pomwe ndikadaponda ine
ndikadapanda kuwerama kumanga chingwe cha jombo.
Nandau anasiya kundidzutsa.
Amangosendera kukhoma
kudikira tambala kuti atiwombole tonse awiri.

Penshoni imagula thumba limodzi la feteleza.
Tulo siigula.

Anandipeza ndi Kopolo Kachingwe,
uja anasiya mwendo kutsidya kwa msewu uno,
akukankha njinga yothyoka masipoko.
Anati, "Lachinayi ubwere kuseri kwa chigayo cha a Maseko.
Usatenge kanthu. Ungobwera ndi mapapo ako."

Ndinapeza amuna asanu ndi mmodzi,
lipenga lopindika lomanga ndi mphira wa chubu,
ng'oma ya chikopa cha mbuzi,
gitala wa galoni, nsambo zake mawaya a mabuleki,
ndi mnyamata wobwera ku Kongo chaka chatha,
maso ali pakhomo basi, ngati alonda chitseko.
Palibe anafunsa mnzake kuti unaona chiyani.
Nkhani zina lilime limazikana.

Kachingwe anagogoda ndodo yake pansi,
ng'oma inati di!
Mtima unathawira kukhosi,
maondo anayamba kale ulendo wa m'fumbi.
Koma di wachiwiri anafika pa nthawi yake,
wachitatu chimodzimodzi,
ndipo ndinayamba kumudikira wachinayi
monga udikira mnzako pamphambano.
Kani phokoso lopangana nalo silipha munthu.

Anandipatsa lipenga.
Loyamba kutuluka linali kulira kwa tonde womangidwa.
Tinaseka mpaka wa chigayo anasuzumira, ufa uli mbuu m'nsidze.
Ndinayesanso.
Mosadziwa ndinagwera m'kanyimbo kaja
Bizweki ankaimba ndi mluzu pochapa masokosi mumtsinje,
kanyimbo kopanda mutu, ka mtsikana wogulitsa mapichesi.
Malovu ndi misozi zinakumana m'mkuwa.
Kachingwe anayang'ana kudenga ngati muli chisa cha mavu,
koma phazi lake limodzilo silinasiye kuponda.
Wa ku Kongo anatola khasu lopanda mpini,
n'kuyamba kulimenya ndi bawuti,
nge, nge-nge, nge,
chitseko atachifulatira.

Tsopano timasonkha makwacha a chingwa ndi tiyi.
Wina akajomba timapita kwawo,
osati kukamufunsa ayi,
timangokhala pakhonde n'kuyamba kuimba
mpaka atuluke, ngakhale ndi bulangeti kumutu.
Chifunga cha Juni chikatsika m'phiri
zala zimauma pa nsambo,
timaziwotha pa injini ya chigayo.

Sindinama kuti ndachira.
Thayala likaphulika mapewa amanjenjemerabe,
kungoti masiku ano ndimawerenga: imodzi, ziwiri, zitatu,
n'kubwerera ku tcheni cha njinga ya mwini.
Tsiku la msika wina tinaimba pamtetete,
mayi wa mbatata tsidya la Mozambiki
anatula dengu navina,
msewu wonse wa malire uli pakati pathu.

Dzana usiku sitima inabweranso.
Ndinaimva ikali patali,
ndinayamba kung'ung'udza ka Bizweki mumdima.
Nandau anatembenuka kuchoka kukhoma.
"Mwakakweza kwambiri," anatero,
"kamayambira m'munsi, chonchi."
Anakayamba iye.
Sitima inachepetsa liwiro,
inaima pang'ono pakhomo pathu,
ndipo mnyamata wa ku Tsangano anatsika
masokosi onyowa ali paphewa.